Wikendi ku akachisi akale a Kyoto ndi Nara: mayankho a mafunso omwe mwakhala mukundifunsa

Chiikireni zithunzi za ulendo womwe tinayenda ndi anzanga a ku yunivesite, mafunso akungobwera, ena ochokera kwa anzathu omwe angofika kumene kuno ku Japan pa sikolashipu, ena kwa abale kumudzi omwe akufuna adziwe kuti kodi mwana uyu amakafunako chani ku akachisi a eni. Ndiye ndati bola ndingoyankha onse pamodzi pompano.

Bwanji munasankha Kyoto ndi Nara, ku Tokyo kulibe akachisi?

Aliko, koma Tokyo inakula mochedwa komanso zambiri zakale kumeneko zinapsa pa chivomezi cha 1923 ndi mabomba a 1945. Nara ndiye inali likulu la dziko kuyambira 710, kenako mu 794 mfumu inakakhazikika ku Kyoto ndipo mafumu anakhala kumeneko zaka zoposa 1,000. Ndiye akachisi akuluakulu anamangidwa komwe kunali mafumu ndi chuma. Ku Kyoto kokha kuli akachisi a Chibuda oposa 1,600, malo 17 a mumzindamu ndi madera oyandikana nawo analowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1994, a ku Nara analowa mu 1998. Ndipo mizinda iwiriyi ndi yoyandikana, pa sitima ndi mphindi ngati 45 basi.

Wikendi imodzi ikukwana?

Ikukwana ngati simukhala ndi dyera. Vuto la ambiri amalemba mndandanda wautali, kachisi uyu mphindi 20, uyo mphindi 20, mapeto ake tsiku lonse lathera pa mzere wa basi ndipo pofika madzulo sakukumbukanso kuti chithunzi chiti ndi cha kuti. Ine ndimati akachisi atatu kapena anayi pa tsiku, basi, kwinako muzikhala pansi nkumayang'ana.

Ife tinachita chonchi. Lachisanu usiku tinakwera basi ku Shinjuku mu Tokyo, kunja kukuyera tinali pa Kyoto Station, zikwama tinatsekera mu loka ya pa siteshoni nkulunjika ku Kiyomizu-dera poti kumeneko amatsegula 6 koloko m'mawa. Titatsika phiri tinapita ku Sanjusangen-do, masana Kinkaku-ji ndi Ryoan-ji, chakumadzulo Fushimi Inari. Lamulungu lonse tinalipereka ku Nara. Kunena zoona Loweruka linali lodzadza kale, mukafuna kuchotsapo chimodzi chotsani ulendo wa masana uja wopita kumpoto kwa mzinda, mabasi ake amadzadza koopsa.

Nanga ndalama, si za anthu olemera zimenezi?

Chomwe chimadya ndalama ndi thiransipoti yofikira ku Kyoto, akachisiwo ayi. Shinkansen, sitima yothamanga kwambiri ija, kuchokera ku Tokyo imatenga maola awiri ndi mphindi pang'ono koma ndi ma yen pafupifupi 14,000 ulendo umodzi, pomwe basi ya usiku ukabukitsa msanga imatsika kwambiri ndipo umapulumutsanso ndalama ya malo ogona usiku umenewo. Khosi limawawa inde koma kwa mwana wasukulu ndi njira yabwino.

Chinthu china musanamizidwe, tikiti ija ya Japan Rail Pass yomwe alendo amaitama pa intaneti ndi ya anthu obwera kudzacheza okha, ife a viza ya sukulu satigulitsa. Chomwe chilipo chathu ndi gakuwari, kapepala kochokera ku ofesi ya sukulu komwe kamatsitsa mtengo wa tikiti ya sitima za JR (Japan Railways) ndi 20 peresenti ulendo ukapitirira makilomita 100, ndiye kafunseni ku ofesi yanu ngati gulu lanu la ophunzira likulowamo. Mu Kyoto basi ndi ma yen 230 paliponse mkati mwa tawuni, ndipo khadi yanu yolipirira thiransipoti ya Suica kapena ICOCA imagwira. Polowa akachisi ambiri ndi pakati pa ma yen 500 ndi 1,000, Fushimi Inari ndi ulere. Kogona, hositelo ya mabedi osanjikiza ndi yokwanira, kungoti Loweruka zipinda zimatha msanga ndipo Kyoto ili ndi kamsonkho kake ka ogona komwe malo ena amalipiritsa padera.

Ndimaona ena akuti tera, ena jinja. Si zimodzi?

Ayi. Jinja ndi malo a Chishinto, chipembedzo cha makolo a kuno cholemekeza ma kami, kapena kuti milungu ndi mizimu yawo, ndipo mudzawadziwa ndi chipata chija cha mizati iwiri ndi mitanda pamwamba chomwe amati torii. Tera ndi kachisi wa Chibuda, chipembedzo chomwe chinalowa kuno kudzera ku Korea m'zaka za m'ma 500, kumeneko kumakhala zosema za Buddha, belu lalikulu, lubani, amonke komanso nthawi zambiri manda. Mayina othera ndi ji kapena dera ndi a Chibuda. Kwa zaka zambirimbiri ziwirizi zinkayendera limodzi, boma linadzazilekanitsa mu 1868, nchifukwa chake mpaka lero mumapeza ka torii mkati mwa kachisi wa Chibuda. Ndipo mukaona pa mapu chizindikiro chooneka ngati cha chipani cha Nazi musadzidzimuke, chimenecho ndi manji, chizindikiro chakalekale cha Chibuda chosonyeza kuti apa pali kachisi.

Ine ndine Mkhristu, mnzanga ndi Msilamu. Kulowa mmenemo si kupembedza mafano?

Funso ili amayi anga ndi omwe anayamba kulifunsa ndipo sindilitenga mopepuka. Zomwe ndinaona ndi maso anga ndi izi: palibe amene amakukakamiza chilichonse. Umagula tikiti, umalowa, umayang'ana, umatuluka. Amene akufuna amaponya kandalama m'bokosi nkuphatikiza manja, ku jinja amawerama kawiri, kuwomba m'manja kawiri nkuweramanso kamodzi, ku kachisi wa Chibuda sawomba m'manja. Iwe ukaima chapambali mwaulemu palibe yemwe angakuyang'ane ndi diso loipa. Pagulu pathu panali Mjapani, mnzathu wa ku Indonesia yemwe ndi Msilamu, ndi ife Akhristu, aliyense anachita za chikhulupiriro chake, Mjapaniyo akapemphera ife timamudikira, nthawi ya swala ikakwana timamudikiranso winayo.

Pomwe muyenera kuganiza kaye ndi pa zogulitsa. Omamori ndi zithumwa, amazigulitsa za mayeso, za pamsewu, za ukwati, zili m'timatumba tokongola kwambiri moti munthu utha kugula ngati kamphatso osadziwa. Omikuji ndi timapepala ta maula. Ine sindinagule zimenezi, ndipo ngati mtima wanu ukukana, ingosiyani, simunalakwire aliyense. Ngakhale tikiti ya ku Kinkaku-ji ndi pepala lolembedwa madalitso a panyumba lomwe ena amakalipachika kwawo. Koma chomwe sindingagwirizane nacho ndi kulowa m'nyumba yopemphereramo anzathu nkumaseka kapena kumanyoza mokweza. Agogo amene agwada apowo akupempherera mdzukulu wawo wodwala, ulemu ndi wofunika. Kwa omwe safuna kuphonya Misa, tchalitchi chachikulu cha Katolika chili ku Kawaramachi pakati penipeni pa tawuni.

Eti khonde la Kiyomizu-dera lilibe msomali ndi umodzi womwe?

Zoona. Khondelo linatulukira paphiri, mamita ngati 13 kuchokera pansi, ndipo lakhala pa nsanamira zikuluzikulu za mitengo zolowetsedwa ina mu inzake popanda msomali. Kachisiyu anayamba mu 778 koma nyumba zomwe mukuona panopa ndi za 1633. Musangoima pamwamba nkujambula, tsikani masitepe mukayang'ane kuchokera pansi, mpomwe mumaona mmene mitengo yopingasa inaboolera nsanamira zija, ndi timatabwa tomwe anaika ngati timadenga pamwamba pa nsonga iliyonse kuti mvula isaoletse. Pansi pomwepo pali mathithi a Otowa, madzi akugwa mizere itatu anthu nkumatunga ndi zikho za zogwirira zazitali.

Fikani m'mawa kwambiri, ndikubwereza. Nthawi ya 6 koloko mumamva mbalame ndi tsache la wosesa, pofika 10 koloko kamsewu kokwera kaja mumayenda mogundana mapewa.

Golide wa ku Kinkaku-ji ndi weniweni?

Weniweni, koma ndi timapepala topyapyala kwambiri tomata pa nsanjika ziwiri zapamwamba. Malowa anali a Ashikaga Yoshimitsu, yemwe anakhalapo shogun (mtsogoleri wa asilikali wolamulira dziko), kuyambira 1397, atamwalira anasanduka kachisi wa Chibuda wa gulu la Zen. Nyumba yoyambayo inaotchedwa mu 1950 ndi mmonke wachinyamata wa pomwepo, anaimanganso mu 1955 ndipo golide anamatanso watsopano mu 1987. Mkati salowa, mumangozungulira dziwe motsatira chingwe gulu likukukankhani kumbuyo. Ndi yokongola, sindikana, makamaka dzuwa likamawomba, koma theka la ola mwamaliza. Ndinakonda kwambiri Ryoan-ji komwe ndi kamtunda koyenda pansi kuchokera pamenepo, dimba la miyala 15 pa timiyala toyera topalasidwa bwino, ndipo paliponse pomwe ungakhale pakhondepo mwala umodzi umabisika. Anzanga anayamba ndi kuwerenga miyala mokangana, kenako onse anangoti zii, tinakhalitsa pamenepo kuposa mmene tinapangira pulani.

Pa onsewo, ndi uti amene anakukhudza kwambiri?

Todai-ji ku Nara, mosakayika. Zithunzi sizikuuzani kukula kwake. Mumayamba mwadutsa pa chipata cha Nandaimon pomwe pali alonda awiri osemedwa pa mtengo, aatali kuposa mamita 8, omwe akatswiri Unkei ndi Kaikei ndi anzawo anasema mu 1203, mitsempha ya m'mikono ikuchita kuoneka. Kenako mumaona holo patali, anthu omwe ali pakhomo pake akuoneka ting'onoting'ono, ndipo pomwe mukuyandikira mpomwe mumazindikira kuti nyumba yonseyi, mamita 57 m'lifupi, ndi ya mitengo. Mkati muli mdima pang'ono, fungo la lubani ndi matabwa akale, ukakweza maso ndi uyo Buddha wa mkuwa atakhala pansi, mamita pafupifupi 15, dzanja limodzi atakweza.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi chifukwa chomwe anachipangira. Pakati pa 735 ndi 737 mliri wa nthomba unapha anthu ochuluka zedi m'dziko muno, akuluakulu a boma omwe, kuphatikizapo njala ndi kuukirana. Mu 743 mfumu Shomu inalamula kuti chosemachi chipangidwe, ndipo inanena kuti aliyense wofuna kuthandiza amulole ngakhale atabweretsa udzu umodzi kapena dothi lodzadza dzanja. Mmonke wina dzina lake Gyoki anayenda m'midzi kusonkhanitsa thandizo. Pa mwambo wotsegulira mu 752, amene anajambula maso a chosemacho anali mmonke wochokera ku India, Bodhisena, ndipo ku burashi yake anamangirira zingwe zazitali kuti anthu omwe anali pansi agwireko nawo. Kaya munthu umakhulupirira zotani, ukaima pamenepo umamva kuti awa anali anthu omwe anaika maliro ambiri ndipo amafunafuna pogwira.

Kuseri kwa chosemacho kuli nsanamira ya bowo pansi, amati kukula kwake ndi kofanana ndi mphuno ya Buddhayo, ana asukulu amakhala pa mzere kukwawiramo aphunzitsi akuwakoka manja. Mukatuluka musabwerere pomwepo, kwerani kaphiri kupita ku Nigatsu-do, ndi ulere, anthu ndi ochepa ndipo Nara yense amaoneka pansi. Pamenepo mwezi wa Malichi uliwonse amachita mwambo wa miyuni ya moto wotchedwa Omizutori, womwe sunadumphepo chaka chiyambire 752.

Wachiwiri ndi Sanjusangen-do. Kunja ndi nyumba yaitali basi, mamita ngati 120, yosakopa nkomwe. Mkati muli zosema 1,001 za Kannon, yemwe a Chibuda amamulemekeza chifukwa cha chifundo, zitaima m'mizere, zokutidwa ndi golide wozilala, nkhope iliyonse yosiyanako pang'ono ndi inzake, ndipo eni ake amati ukayang'anitsitsa umapezapo nkhope ya munthu amene ukumusowa. Nyumbayi ndi ya 1266, yoyamba ya 1164 inapsa mu 1249 ndipo zosema 124 zokha ndi zomwe anapulumutsa.

Ukungoti inapsa, inapsa. Ndiye chakale chenicheni nchiti pamenepa?

Funso labwino, nanenso linkandivuta. Nyumba za mitengo, nkhondo, mphezi, nyali za moto, kupsa kunali kosapeweka. Holo ya Todai-ji inaotchedwa pa nkhondo mu 1180, inaotchedwanso mu 1567, Buddha uja anakhala pamtetete mvula ikumukwapula zaka zoposa 100, ndipo holo ya lero ndi ya 1709, yocheperako m'lifupi poyerekeza ndi yoyamba chifukwa ndalama ndi mitengo ikuluikulu zinasowa. Mutu wa chosemacho ndi wa m'zaka za m'ma 1600, mbali zina za pansi ndiye zoyambirira.

Kwa ine zimenezi sizichepetsa kanthu. Chomwe chakhalitsa kuno ndi luso ndi khama la kukonzanso. Kuli akalipentala apadera a akachisi, amawatchula miyadaiku, omwe amatha kuphwasula nyumba yonse mtengo umodziumodzi, kuchotsa powola pokha, kulumikiza thabwa latsopano nkuibwezeretsa mmene inalili. Nyumba zopanda misomali yambiri zimalola zimenezo.

Ngati mukufuna mtengo wakale weniweni pitani ku Horyu-ji, kunja kwa Nara pa njanji ya Yamatoji. Anaukhazikitsa ndi kalonga Shotoku mu 607, unapsa mu 670, ndipo nyumba zomwe anamanganso pambuyo pake zilipobe, zaka zoposa 1,300, ndipo zimawerengedwa kuti ndi nyumba za mitengo zakale kwambiri padziko lonse. Nsanja yake ya madenga asanu ili ndi mzati umodzi pakati womwe akatswiri atawerenga mizere yake anapeza kuti mtengowo unadulidwa mu 594. Dziko la zivomezi ngati lino, nsanja imeneyo ili chiimire. Polowa ndi podulirapo kuposa kwina ndipo pamafunika theka la tsiku, ndiye sankhani, musaupanikize pa Todai-ji mothamanga.

Agwape aja saluma?

Amaluma, amagunda, amakoka malaya. Alipo oposa 1,000 mu paki ya Nara, amangoyenda momasuka chifukwa kuyambira kale amatengedwa ngati amithenga a milungu ya ku jinja ya Kasuga Taisha. Mukagula mabisiketi awo, shika senbei, ma yen 200, apatseni msanga, mukamachedwetsa kuti mujambule mpomwe amapsa mtima. Akatha onetsani manja opanda kanthu amachoka okha. Ndipo amaweramitsadi mutu popempha, zimenezo si nkhambakamwa. Chonde jumbo, mapu a pepala ndi tikiti bisani m'chikwama, mu 2019 agwape angapo anafa ndipo atawang'amba anapeza mapulasitiki atadzadza m'mimba.

Ndivale chani?

Nsapato zosavuta kuvula, ndi sokosi zabwino zosabooka, chifukwa m'maholo ambiri mumavula nsapato pakhomo nkuziika pa shelefu kapena kuzinyamula mu jumbo yomwe amakupatsani. Nyengo yozizira matabwa aja amazizira mpaka zala kuuma, valani sokosi ziwiri. Zovala palibe lamulo lolimba koma valani mwaulemu. Chipewa vulani mkati, ndipo pa chipata dumphani thabwa la pansi lija, saliponda.

Zithunzi amalola?

Panja pafupifupi paliponse. Mkati yang'anani chikwangwani kaye, ku Todai-ji amalola, ku Sanjusangen-do ndi koletsedwa kotheratu. Ku Gion, dera la mu Kyoto komwe anthu amathamangira ndi kamera ma maiko, atsikana ophunzira magule ndi nyimbo zosangalatsira alendo, timisewu tina ta eni anaikamo zikwangwani zoletsa kujambula ndi faindi ya ma yen 10,000. Atsikana amenewo ali pa ntchito, asiyeni adutse. Ku Fushimi Inari, jinja ya paphiri yomwe njira zake zili ndi zipata za torii zambirimbiri, musalimbane ndi gulu pa zipata zoyambirira, kwerani mpaka pa mphambano ya Yotsutsuji, anthu amachepa okha. Phirilo ndi la mamita 233, kukwera ndi kutsika maola awiri kapena atatu, ndipo potsika mudzaona kuti kuseri kwa chipata chilichonse kwalembedwa dzina la kampani kapena munthu amene anapereka ndi tsiku lake.

Munkadya chani, poti Kyoto amati ndi yodula?

M'mawa onigiri (mpunga woumba) ndi khofi wa mu konbini (timashopu togulitsa zofunika za tsiku ndi tsiku), masana manudozi a udon kapena soba m'timalesitilanti ta m'mbali, kutali pang'ono ndi zipata za akachisi komwe mitengo imakwera. Chakudya cha amonke, shojin ryori, chopanda nyama kapena nsomba, ndi chabwino koma chodula, ngati bajeti ilola yesani kamodzi. Mnzathu wa Chisilamu anasakiratu malo a halal pa foni tisananyamuke, alipo ndithu ku Kyoto, kungoti msuzi wa ramen wambiri umakhala wa nkhumba ndiye kufunsa nkofunika. Ku Nara yesani kakinoha-zushi, mpunga ndi nsomba zokulungidwa m'tsamba, tsambalo sadya.

Ndipo pafupi ndi siteshoni ya Kintetsu Nara pali shopu ya Nakatanidou komwe amasinja mochi, chakudya cha mpunga wophika wonanda, anthu akuonerera. Mtondo wa mtengo, wina akumenya ndi munsi wooneka ngati hamala, mnzake akutembenuza phalalo ndi dzanja pakati pa kumenya kulikonse mothamanga zedi uku akukuwa mogwirizana. Ndinangokumbuka azimayi awiri akusinja chimanga mtondo umodzi molandizana. Amakupatsa ikadali yofunda, yobiriwira, mkati muli nyemba zotsekemera.

Monga munthu wakuda, sankakuyang'anitsitsani?

Ku Kyoto alendo ndi ambiri moti palibe amene ali ndi nthawi imeneyo. Ku Nara ana asukulu ena anabwera ndi makope awo kudzayeserera Chingerezi, kufunsa dzina ndi dziko, nditati Malawi anayamba kusaka pa mapu aphunzitsi akuwathandiza, zinali zosangalatsa. Ndipo dziwani kuti si ife oyamba. Mu 1581 munthu wa ku Africa yemwe amadziwika ndi dzina loti Yasuke anafika ku Kyoto ndi wansembe wa Chijezwiti Alessandro Valignano, nkulowa ntchito kwa Oda Nobunaga, mtsogoleri wankhondo wamphamvu wa nthawiyo, ndipo analipo pomwe Nobunaga anaukiridwa pa kachisi wa Honno-ji mu 1582. Olemba mbiri ena amati kwawo kunali ku Mozambique. Honno-ji ilipo mpaka lero ku Teramachi, koma anaisamutsa, pomwe panachitikira nkhondoyo ndi pena chakumadzulo pomwe pali mwala wachikumbutso chabe.

Khadi yanu ya zairyu, chiphaso cha obwera okhala m'dziko muno, ikhale m'thumba nthawi zonse, ndi lamulo, ndipo ku hositelo nthawi zambiri amaifunsa.

Nyengo yabwino ndi iti?

Maluwa a sakura kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, masamba ofiira chakumapeto kwa Novembala, kukongola kwake nkosaneneka koma ndi nthawi yomwenso dziko lonse lili komweko ndipo mitengo ya malo ogona imakwera. Golden Week, sabata ya tchuthi ya kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi, pewani. Juni ndi mvula, Julayi ndi Ogasiti Kyoto imatentha moipa poti inazunguliridwa ndi mapiri, kupitirira madigiri 35 ndi chinyontho, musaderere poti ndinu a ku Nsanje kapena ku Karonga, kutentha kwake nkwina. Ine ndingasankhe pakati pa Meyi, kapena Januwale ndi Febuluwale ngati kuzizira mumapirira, akachisi amakhala phee.

Kuyenda pagulu sikunavute?

Kumavuta pang'ono, wina akufuna kuwerenga chikwangwani chilichonse, wina akufuna zithunzi, wina njala. Chomwe chinatithandiza ndi kugwirizana tisanalowe kuti tikumana pa chipata nthawi yakuti, aliyense nkuyenda pa liwiro lake. Aliyense asankhe malo amodzi omwe sangalole kuphonya, enawo mukambirane. Gulu likapitirira anthu asanu kupeza tebulo m'timalesitilanti ta ku Kyoto ndi ntchito.

Pomaliza, m'chikwama muzikhala chani?

Ndalama za kashi ndi zachitsulo zomwe, poti mawindo a matikiti ambiri salandira khadi. Pawabanki, botolo la madzi, kathaulo kakang'ono chifukwa zimbudzi zina zilibe chopukutira m'manja, ndi jumbo ya zinyalala zanu popeza ma bini simuwapeza mumsewu. Ngati mukufuna goshuin, chidindo chofiira chomwe amalembapo ndi burashi dzina la kachisi ndi tsiku, pamafunika kabuku kake kapadera, sadinda mu kope wamba, ndipo chilichonse ndi ma yen 300 mpaka 500. Akachisi ambiri amatseka cha m'ma 5 koloko madzulo ndipo tikiti amasiya kugulitsa isanakwane nthawiyo, ndiye wa kutali muyambire ameneyo. Basi yobwerera Lamulungu usiku bukitsiranitu limodzi ndi yopita, mipando imatha.